Masabata Asanu ndi Limodzi Osayankha Moni

Tsiku limene dokotala anauza Luntha kuti mwina sadzaimbanso, kunja kunkagwa sinowo, chipale chofewa chija, ndipo iye analibe ngakhale mawu ofunsira kuti, "Mwati bwanji?" Anangotenga cholembera n'kulemba funso limodzi pa kapepala: mpaka liti?

"Masabata asanu ndi limodzi," anatero dokotalayo, mayi wa imvi amene sankadziwa kuzungulira nkhani. "Osayankhula, osanong'ona, osaimba ngakhale kanyimbo ka kubafa. Mukaphonyanso ulendo uno, pakhala chipsera. Ndi chipsera mudzatha kuyankhula bwinobwino, koma za kuimba pa siteji mudzaiwale."

Pambali pake panakhala a Janeth, mayi ake aang'ono, atagwira chikwama ndi manja onse awiri, maso ali pansi. Ankadziwa chimene chinachitika, chifukwa analipo.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli wolefuka, khalani nane pang'ono. Ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene ntchito yake yonse inatsala pang'ono kuthera pa moni. Inde, moni womwewu wa "muli bwanji", umene ife timati suwononga kanthu.

Luntha anabadwira ku Zomba. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake a Edness anapeza ntchito ya unamwino ku Perth, m'dziko la Australia, ndipo anamutenga. Anakulira konko mpaka kukhala nzika ya dzikolo. Chichewa sanachitaye, chifukwa m'nyumba mwa a Edness Chingerezi chinkasiyidwa pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Kusukulu aphunzitsi anazindikira msanga kuti pakhosi pa mwanayu pali chinachake. Atamaliza maphunziro anapita ku Melbourne kukayesa mwayi m'zisudzo zoimba, zija anthu amati akayankhula pang'ono n'kuyamba nyimbo, uku akuvina. Zaka zinayi zoyamba ankagulitsa khofi m'mawa, masana n'kumakaima pamzere wa odishoni, kumene anthu atatu okhala patebulo amakumvetsera mphindi imodzi n'kukuuza kuti, "Zikomo, wotsatira." Kenaka anamutenga kukhala wovina wa mzere wakumbuyo. Kenaka anamupatsa timawu tochepa toyankhula. Pofika zaka makumi atatu nkhope yake inali pa zikwangwani za m'misewu ya ku Sydney, ndipo a Edness ankajambula zikwangwanizo n'kutumizira abale onse, ngakhale amene sanafunse.

Ntchito imeneyi ndi yokoma kuionera, koma imadya munthu. Masewero amakhala asanu ndi atatu pa sabata, kaya uli ndi chimfine kaya ulibe. Ndipo Luntha anali wa mtundu uja wosadziwa kukana. Pakhosi pakawawa ankamwa madzi a uchi n'kukakamiza.

Sewero lawo litaitanidwa kuti lizungulire mizinda ya ku Amerika, iye anaona ngati kumwamba kwamutsegukira. Anafika ku Washington mwezi wa Novembala. Lachitatu lina masana, pa nyimbo yomaliza, pamalo pamene mawu amayenera kukwera pamwamba n'kukhala pomwepo mpaka ng'oma zitaleka, chinachake chinaduka. Anatsegula pakamwa, koma panangotuluka mphepo. Anthu oposa chikwi anali akumuyang'ana.

Madzulo omwewo mnzake amene ankadikira pambali anavala diresi lake n'kulowa m'malo mwake. Patatha masiku khumi gulu lonse linapakira katundu, ulendo wa ku mzinda wina. Luntha anatsala ndi masutikesi awiri ndi kalata ya kuchipatala.

A Janeth ndi amene anakamutenga. Iwo amakhala ku Greenbelt, ku Maryland, pafupi ndi Washington, m'nyumba ya zipinda ziwiri pa nsanjika yachitatu, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. "Bola uli pa abale," anatero akumunyamulira sutikesi. Luntha anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asauze mayi ake ku Perth mpaka atachira. Manyazi anali atamugwira.

Madokotala anapeza kachotupa pa timinofu tiwiri ta pakhosi timene timatulutsa mawu. Anamuchita opaleshoni Lachinayi, ndipo inayenda bwino. Lamulo linali limodzi: masiku khumi osatulutsa liwu.

Ndiye linafika Lamulungu.

Ife Amalawi, kaya tili ku Ntcheu kaya ku Maryland, munthu akadwala timakamuzonda, ndipo sitifunsa ngati akufuna. Mapemphero atatha, amayi khumi ndi anayi a kumpingo wa a Janeth anakwera masitepe aja ndi zipatso, mabotolo a juwisi ndi mapoto okutidwa ndi nsalu. Anadzaza pabalaza, ena pa mipando, ena pa kapeti.

Luntha anali atakonzeka. Anawaonetsa kapepala kolembedwa kuti, "Pepani, dokotala wandiletsa kuyankhula."

Mtsogoleri wa amayiwo anali amake Tiya, munthu wamtima wabwino, koma amene mawu ake sabwezedwa. Anakawerenga kapepalako bwinobwino, n'kukabweza.

"Tamva, mwanangu, usayankhule ndithu. Koma moni ndi kuyankhula ngati?" Anatambasula dzanja. "Wadzuka bwanji?"

Luntha analozanso kapepala kaja. Kumbuyo wina ananong'oneza mnzake, koma kunong'ona kwa ife mukukudziwa, kumamveka mpaka kukhitchini: "Ana okulira kunja ndi choncho. Nanji uyu wa pa zikwangwani."

Mawu amenewo Luntha anali atawamva moyo wake wonse. Ku Perth ankamuti Mmalawi, akapita kutchuthi ku Zomba ankamuti mzungu. Anayang'ana a Janeth kuti amupulumutse. Koma a Janeth nawo manyazi anali atawapanikiza, ndipo anati chapansipansi, "Ungoyankha monong'ona, Luntha. Kamodzi kokha."

Ananong'ona: "Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

Koma moni wathu alibe kamodzi. Ukayankha mmodzi, wayankha onse, chifukwa wotsalayo aona ngati wamusala. Amayi aja anabwera mmodzimmodzi. Aliyense anafunsa mmene wadzukira, mmene thupi likumvera, mmene aliri mayi ake ku Australia, ndipo aliyense anayenera kubwezeredwa "kaya inu". Potsanzikana anabwerezanso. Palibe mwa iwo amene ankadziwa kuti kunong'ona kumapweteka timinofu tija kuposa kuyankhula kumene. Luntha ankadziwa, koma anasankha ulemu.

Lachiwiri dokotala analowetsa kakamera pakhosi pake, n'kuona kuti chilonda chatseguka ndipo magazi atuluka. Ndi pamene ananena za masabata asanu ndi limodzi aja.

M'sitima yobwerera ku Greenbelt, a Janeth analira osasamala za anthu. "Ndine ndakuphera mawu, mwana wa mkulu wanga," anatero. "Ndinaopa kunyozedwa kumpingo, n'kukupereka iwe."

Luntha sanawayang'ane. Anali wokwiya, ndipo sindimuimba mlandu. Zaka khumi ndi ziwiri zakuvutika zinali pafupi kupita chifukwa cha "wadzuka bwanji". Atafika kunyumba anagona pa sofa nkhope itayang'ana kukhoma, ndipo anakhala choncho masiku atatu. Chakudya chinkabwerera kukhitchini chosakhudzidwa. M'kope mwake analemba kuti, "Anthu amenewa sindidzawakhululukira."

Tsiku lachinayi kunabwera Mutinta, namwino wa ku Zambia amene ankagwira ntchito limodzi ndi a Janeth. Atamva nkhani yonse anaika manja m'chiuno n'kuyamba m'Chinyanja cha kwawo.

"Manje imwe ba Janeth, munthu ali na chilonda pakhosi, mufuna azipatsa moni mpingo wonse? Na imwe musebenza na odwala tsiku lililonse!" Kenaka anatembenukira kwa Luntha. "Iwe, uka. Kwathu ngati sungakambe, uomba chabe m'manja. So."

Anapinda mawondo pang'ono, anakumbika manja, n'kuwomba katatu mofatsa. Phu, phu, phu.

A Janeth anagwira pakamwa. Nanga si ngakhale kwathu agogo athu ankapatsana moni choncho? Tinangoiwala ife, titazolowera kugwirana chanza. Zinatengera munthu wa ku Lusaka kuti atikumbutse zathu zomwe.

Luntha anadzuka pa sofa paja. Anayesa. Phu, phu, phu. Kwa nthawi yoyamba chichokere kuchipatala, anamwetulira.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, a Janeth anaimirira kutsogolo kwa mpingo. Iwo ndi munthu wamanyazi, woti ngakhale kupemphera pagulu amanjenjemera. Koma tsiku limenelo ananena zonse, osabisa mbali yawo. Anafotokoza za chilonda, za chipsera, ndi zoti mwanayo pakhosi pake ndi pamene pali munda wake.

"Kuyambira lero, pakamwa pa Luntha ndine," anatero. "Wofuna kumupatsa moni apatse ine, ndiyankha ndine. Iye azingowomba m'manja. Amene akuona ngati ndi mwano, andinene ine."

Palibe amene anawanena.

Lolemba masana kunamveka kugogoda. A Janeth anali kuntchito, ndipo Luntha atatsegula anapeza ali amake Tiya, ali okha. Anaganiza kuti ayambanso. Koma mayiwo sanatsegule pakamwa. Anapinda mawondo, mayi wamkulu ngati ameneyo, n'kuwomba m'manja katatu pamaso pa mwana wofanana ndi wawo. Kenaka analowa, anakhala pa kapeti, anatulutsa chipeso ndi mafuta, n'kumukodola Luntha kuti akhale patsogolo pawo.

Anamuluka tsitsi maola awiri osanena liwu limodzi. Amene amawadziwa amake Tiya akuuzani kuti chimenechi chinali chozizwitsa choposa kuchira kwa Luntha kumene, pakuti mayiwa amayankhula ngakhale ali pa mpando wa dokotala wa mano. Chapakati Luntha anamva dontho lofunda la msozi pakhosi pake, kumbuyo. Sanatembenuke. Anangogwira dzanja la mayiwo, ndipo mkwiyo uja unayamba kusungunuka.

Kuchokera pamenepo amayi aja anagawana masiku motsatira mashifiti awo, pakuti onse ankasamalira okalamba ngati a Janeth. Wina ankabwera Lachiwiri, wina Lachisanu akaweruka m'mawa. Ankafika, kuwomba m'manja, kukhala naye chete. Wina ankabwera ndi zoluka zake, wina ankangosinza pa sofa chifukwa chotopa. Foni ikalira ankayankha ndi iwo. Munthu wobweretsa katundu akagogoda, ankathamangira pakhomo ndi iwo. Tsiku lina Luntha anapunthwa chala pa mwendo wa tebulo, ndipo asanakuwe, mayi amene anali naye anakuwa m'malo mwake, "Mayo ine!" Luntha anachita kuluma pilo kuti asaseke mokweza.

Sabata yachinayi inali yovuta kuposa zonse. A Edness anali atayamba kukayikira, chifukwa mwana wawo ankangolemba mauthenga, osaimba foni. Tsiku lina anaimba pa vidiyo, ndipo panalibenso pothawira. A Janeth anakhala pambali pa Luntha n'kufotokoza zonse kuyambira Lachitatu lija.

A Edness anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ikutsika. Kenaka anati, "Luntha, mwana wanga."

Luntha anatsegula pakamwa. Mwana wa Mmalawi mayi ake akamuitana amayankha, thupi limangochita lokha.

"Usandiyankhe!" anakuwa a Edness, dzanja lili m'mwamba. "Ndakuphunzitsa kuyankha chibadwire chako, lero ndikuti usandiyankhe. Ndakumva kale."

Luntha anawomba m'manja katatu pamaso pa foniyo. Ku Perth, mayi ake anabwezera.

Masabata asanu ndi limodzi anatha. Dokotala analowetsanso kakamera kaja, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi. "Palibe chipsera," anatero. "Sindidziwa kuti mwakwanitsa bwanji. Ambiri amalephera sabata yachiwiri." A Janeth anakweza manja kumwamba m'chipinda cha dokotala momwemo.

Musaganize kuti nkhani yathera apa, kuti mawa lake Luntha anabwerera pa siteji. Ayi. Mawu amene anatuluka tsiku limenelo anali aang'ono, osasa, ngati a munthu wodzuka kumene. Anamulola kuyankhula mphindi zisanu pa ola. Kawiri pa sabata ankakwera basi kupita ku College Park kwa mphunzitsi wa mawu, amene ankamupatsa kapu ya madzi ndi kapaipi komwera juwisi, n'kumuuza kuti aziuziramo uku akutulutsa liwu. Munthu amene ankaimbira anthu chikwi tsopano ankaimbira kapu, madzi akuchita thovu. Akamachita zimenezi kunyumba, ana a pa nsanjika yachiwiri ankamufunsa ngati akusewera.

Mapepala ogwirira ntchito anali nawo, choncho a Janeth anamupezera malo kunyumba ya okalamba kumene ankagwira, m'chipinda chochapira zovala. Inali ntchito yomuyenera chifukwa sifuna kuyankhula. Ankapinda mashiti ndi matawulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masiku ena zinkamuwawa, makamaka akaona pa foni zithunzi za anzake aja ali ku mizinda ina, mnzake uja atavala diresi lake. Ankalira pang'ono pakati pa makina ochapira, n'kupitiriza kupinda.

Mphunzitsi uja anamuuza zoona. "Inu simunkaimba ndi mpweya, munkaimba ndi mantha. Munkakakamiza pakhosi kuti anthu asakhumudwe. Tiyambira pa chiyambi." Ndipo anayambiradi pa chiyambi: kupuma kuchokera m'mimba, kuima bwino, kuleka mawu akatopa. Chovuta kwambiri chinali kuphunzira kunena kuti, "Lero ayi."

Patapita miyezi khumi anayamba kupitanso ku maodishoni a nyumba za zisudzo za m'dera la Washington. Koyamba anakanidwa. Kachiwiri anakanidwa. Kachitatu anaimba bwino ndithu, koma nyimbo itafika pokwera, thupi lake linakumbukira Lachitatu lija. Anaima pakati, anapepesa, n'kutuluka. Anakhala pa benchi pa siteshoni mpaka sitima zitatu zinamudutsa.

Atafika kunyumba anauza a Janeth kuti basi, wasiya, azipinda mashiti.

"Chabwino," anatero a Janeth akudula anyezi. "Ukawauze wekha amake Tiya. Mayi uja anatseka pakamwa maola awiri chifukwa cha iwe. Ukudziwa mmene anavutikira?"

Luntha anaseka mpaka misozi, ndipo sabata yotsatira anapitanso.

Uku kunali ku nyumba ya zisudzo yaing'ono, ya mipando mazana atatu. Woyang'anira nyimbo anali bambo wina dzina lake Bruce, amene ankaimba yekha piyano pa odishoni. Luntha atafika pamalo pokwera paja anazengereza, ndipo bamboyo anasiya kuimba.

"Mawu muli nawo, ndawamva," anatero. "Mukuopa chiyani?"

Luntha anamuuza zoona zonse: opaleshoni, chilonda, masabata asanu ndi limodzi. Ankadziwa kuti oimba ambiri amabisa zimenezi poopa kuti sawalemba ntchito. Bamboyo anangogwedeza mutu n'kubwezera manja pa piyano. "Tiyambirenso. Mukafika pamenepo musathamange. Ine ndikudikirani."

Anamulemba. Sanamupatse mbali yaikulu ayi. Anamupatsa ya mayi wosoka zovala amene mwana wake akuchoka pakhomo, ndipo mbaliyo inali ndi nyimbo imodzi yokha yaikulu. Nyimboyo inkayenda pansipansi, koma kumapeto inkakwera, n'kukaima pamwamba penipeni, pafupi ndi pamene mawu ake anadukira kale.

Amayi aja anasankha kukaonera sewero la Loweruka masana, chifukwa ambiri amagwira ntchito madzulo. Anasinthana mashifiti ndi anzawo mwezi wathunthu kuti tsikulo apezeke onse. Anafika khumi ndi anayi, kuphatikiza Mutinta wachikhumi ndi chisanu, atavala zitenje zofanana pansi pa majekete a chisanu. Asanalowe, a Janeth anawasonkhanitsa pakhomo.

"Amayi, muno si kumpingo. Munthu akayambitsa nyimbo muno savomera, saimba nawo, sanena amen. Mwana uyu anakhala chete masabata asanu ndi limodzi. Ife tilephere maola awiri?"

"Tinaphunzira," anayankha amake Tiya. "Tiyeni."

Anakhala mzere wachitatu, mzere wonse iwo okhaokha. Nthawi ya Luntha itakwana, anatuluka atavala diresi losuluka, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Anayamba nyimbo yake. Mawu anali ofunda, okhazikika, akuya kuposa kale. Anadutsa ndime yoyamba, yachiwiri. Kenaka piyano inayamba kukwera. Luntha anazengereza. Mumtima anati, zabweranso.

Magetsi a pa siteji amachititsa khungu, munthu suona omvera, kupatula mizere yoyambirira. Luntha anatsitsa maso, ndipo pa mzere wachitatu anaona amake Tiya atatsamira kutsogolo, milomo atailuma kuti isatseguke. Manja awo anali okumbika pachifuwa, akugundana pang'onopang'ono popanda phokoso. Pambali pawo a Janeth ankachita chimodzimodzi, ndi Mutinta, ndi mzere wonse.

Piyano inadikira monga Bruce analonjezera. Luntha anapuma kuchokera m'mimba, anamasula mapewa, n'kutsegula pakamwa.

Liwu linatuluka. Linakwera, linafika pamwamba paja, linakhala pomwepo osagwedezeka mpaka piyano italeka.

Kenaka anthu anayamba kuwomba m'manja, ndipo pakati pa phokosolo panang'ambika nthungululu imodzi yaitali, yoti azungu a mzere wachiwiri anadzidzimuka n'kutembenuka. Anali a Janeth, omwe aja anapereka lamulo pakhomo.

Sewero litatha amayi aja anamudikira pa khonde lolowera. Luntha atatulukira, a Janeth mwachizolowezi anaima patsogolo pake kuti alandire moni m'malo mwake. Iye anawagwira paphewa.

"Anti, lero ndiyankha ndekha."

Mutinta anayang'ana wotchi. "Five minutes chabe, uli na show ina madzulo."

Luntha anapita kwa amake Tiya. Anagwada pa kapeti ya nyumba ya zisudzo, anthu akudutsa ndi kuyang'ana, n'kugwira dzanja la mayiwo ndi manja onse awiri.

"Amayi, tsiku lija munandifunsa kuti ndadzuka bwanji. Ndadzuka bwino. Kaya inu?"

Mayi amene sanasowepo chonena chibadwire anangoima, misozi ikuyenderera mpaka pa chitenje. Anakumbika manja n'kuwomba katatu.

Lero Luntha akuimbabe. Waseweranso m'nyumba zingapo za zisudzo m'dera lino la Washington, ndipo chaka chatha anaitanidwa ku Melbourne, kumene a Edness anakhala mzere woyamba. Sanasamuke ku Greenbelt. Lolemba lililonse ndi tsiku lake lopumitsa mawu, ndipo mukakumana naye pa masitepe tsiku limenelo musadabwe akangokuwomberani m'manja. Akafunsidwa amene anamuphunzitsa kuimba, amatchula aphunzitsi ake a ku Perth ndi a ku College Park. Akafunsidwa amene anamubwezera mawu, amati ndi amayi khumi ndi anayi osamalira okalamba amene anaphunzira kukhala chete chifukwa cha iye. Amati sadzatha kuwathokoza, ndipo ine ndikumukhulupirira.

Mwina inunso lero muli pa sofa, nkhope kukhoma. Mwina chimene munachivutikira zaka zambiri chaduka pamaso pa anthu, ndipo amene anathandizira kuchidula ndi anthu okukondani, amene sanadziwe chimene ankachita. Kwiyani masiku atatu ngati Luntha, palibe cholakwa. Koma tsiku lachinayi wina akagogoda, dzukani mukatsegule. Ngati ndi nthawi yokhala chete, khalani chete mpaka chilonda chipole. Ngati ndi nthawi youzira m'kapu, uziranimo ngakhale ana akusekeni. Ndipo mukakanidwa kachitatu, konzekani ulendo wachinayi.

Musataye mtima, abale anga. Tsiku likubwera limene mudzayankha nokha kuti mwadzuka bwino.